Mbale Imodzi: Zimene Chakudya cha ku Morocco Chinatikumbutsa

 Agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, ndakuonani, ndipo ndikupempha chilolezo chanu kuti ndiime pamaso panu. Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, ndi inu ana athu amene mwadzaza kumbuyoko, mwaswera bwanji nonse? A ku Amaveni ndi a ku Mbizo, inu ndinu eni mudzi muno mu Kwekwe, tithandizeni kulandira alendo. A ku Torwood ndi ku Rutendo, fikani. Inu a ku Makusha ku Shurugwi, ndi inu a ku Mandava ku Zvishavane amene mwalawirira m'bandakucha n'kudutsa m'makhotamakhota a Boterekwa, khalani momasuka, pano ndi panu.

Ndilankhula Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndikudziwa kuti ena mwa ana athu Chishona ndi Chindebele ndizo zili pakamwa, Chichewa chinangotsalira m'makutu. Palibe mlandu. Mawu ena akakudutsani, gwirani dzanja la agogo amene mwayandikana nawo, akuuzani.

Wapampando anandipempha kuti ndifotokoze za ulendo umene gulu lathu la chidyerano linayenda miyezi iwiri yapitayi. Amene simutidziwa, tilipo anthu 14. Timasonkha madola 5 pamwezi, ndipo timadya pamodzi kamodzi pamwezi, lero kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo. Thumba lathu limayamba laona maliro ndi matenda. Chaka chikamatha, ngati katsalako kenakake, timakadya kumene sitinadyeko. Chaka chino mwana wathu wina wamkazi amene amagwira ntchito ku Harare anatiuza za malo ena odyera kumene wophika wake ndi bambo wa ku Morocco. Tinakangana masabata awiri. Ena ankati n'kutaya ndalama, ena ankati tikadya zotani ife kumeneko. Pomaliza tinachita hayala kombi, n'kuwoloka Sebakwe ndi Munyati, kudutsa Kadoma, Chegutu ndi Norton, mtunda woposa makilomita 200, kukadya mgonero umodzi basi.

Ndabwerako ndi mfundo zinayi. Yoyamba ndi ya madzi ndi mbale. Yachiwiri ndi ya mphika, ndipo pamenepo ndikhalitsapo, mundipirire. Yachitatu ndi ya khalidwe la mlendo pa chakudya cha eni ake. Yachinayi ndi ya ndalama ndi manyazi.

Mfundo yoyamba: madzi ndi mbale.

Tinalowa m'nyumba muja titavala za ku tchalitchi, ena za ku mzikiti, mitima ili m'mwamba. Mayi wina wa m'gulu lathu anali atandinong'oneza m'kombi kuti akuopa mipeni ndi mafoloko, chifukwa sadziwa kuti uti umagwiridwa ndi dzanja liti. Titakhala pansi, chinthu choyamba kubwera sichinali mpeni, sichinali foloko. Anabwera mnyamata ndi ketulo ya madzi ofunda, beseni ndi kansalu paphewa. Anayang'ana gulu lonse, n'kupita kwa agogo athu aamuna amene anali wamkulu pa tonsefe, n'kuwerama, n'kuyamba kuwathira madzi m'manja. Agogo aja anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana uyu analeredwa."

Kenako kunabwera mbale. Sanatipatse aliyense kambale kake ayi. Anaika mbale zikuluzikulu zitatu, anthu anayi kapena asanu kuzungulira mbale imodzi. Wophika anatuluka yekha kukhitchini kudzatilangiza. Anati kwawo amadya ndi dzanja lamanja. Anati aliyense amadya mbali imene yayang'anizana naye, salumpha kukatola kwa mnzake. Anati nyama imene ili pakati siyambiriridwa, imadikira mpaka mwini nyumba kapena wamkulu aigawe, aliyense alandire nthuli yake. Anati buledi wawo wozungulira, amene amamutcha khobz, ndiye supuni yawo: umanyema, n'kusunsa, n'kutapira ndiwo.

Amayi ndi abambo, ndikufunseni: pa malamulo amenewa, ndi liti limene amayi anu sanakuphunzitseni? Kusamba m'manja kuyambira wamkulu. Dzanja lamanja. Kusalumpha mbale. Kusayamba ndi nyama. Bambo uja ankayesa kuti akutiphunzitsa zachilendo, koma ankatiwerengera malamulo a pa mphasa ya kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amasunsa buledi, ife timasunsa mbamu ya nsima.

Gwirani mawu awa, chifukwa ndiwabwereza: tinayenda makilomita 200 kukapeza mbale imodzi imene tinaisiya kunyumba. M'nyumba zathu zambiri masiku ano mwana amatenga mbale yake n'kukakhala pa TV, wina kuchipinda ndi foni, bambo adya okha usiku. Tinayamba kuganiza kuti kudyera mbale imodzi ndi chizindikiro cha kusowa mbale. Ku Fez, ku Rabat, ku Casablanca, anthu a nyumba zosanja ndi magalimoto amadyabe mozungulira mbale imodzi Lachisanu, osati chifukwa chosowa, koma chifukwa amadziwa kuti amene mwapisa naye dzanja m'mbale imodzi n'kovuta kumudutsa panjira osamulonjera.

Mfundo yachiwiri: mphika.

Ndiwo zinabwera mumphika wadothi umene amautcha tajine. Pansi pake ndi mbale yadothi yotakata, yosazama. Chivundikiro chake n'chosongoka ngati denga la nkhokwe. Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani anachiumba choncho, ndipo yankho lake lingamveke bwino kwa inu amene munagwira ntchito ku ng'anjo za ZISCO ndi Zimasco. Mphikawo amauika pa mbaula ya makala ochepa. Nthunzi ikakwera, imakafika kunsonga kumene sikutentha kwambiri, imasanduka madontho, n'kutsetsereka kubwerera m'ndiwo. Madzi omwewo amazungulira, kukwera ndi kutsika, maola awiri kapena atatu. Choncho sathira madzi ambiri, sasonkhezera moto waukulu, savundukula pafupipafupi. Nyama yolimba ija, ya m'miyendo ndi ya m'khosi, imene ku butchala imakhala yotsika mtengo, imafewa mpaka kusiyana ndi fupa yokha.

Umenewu ndi mphika wa anthu odziwa kuti madzi ndi nkhuni sizimwazidwa. Ife amene timadziwa kudzuka usiku kukatunga madzi pampopi akabwera, ife amene timaphika pa mbaula magetsi akathima, tikanayenera kukhala oyamba kuumvetsa mphika umenewu.

Mumphika woyamba munali nkhuku yophikidwa ndi zipatso za azitona ndi mandimu. Koma si mandimu ongothyola. Amawang'amba, n'kuwafutsa mumchere m'botolo kwa mwezi kapena kuposa, mpaka khungu lake lifewe, kuwawa kuchoke, kutsale fungo lokha. Amayi athu atamva zimenezi anayang'anana, chifukwa nzeru yake ndi yomweyo ya mfutso: nthawi ya zambiri usunge, nthawi ya chilimwe udzadye. Mumphika wachiwiri munali nyama ya nkhosa yophikidwa ndi mapulamu ouma, uchi, sinamoni ndi mtedza wa amondi. Nyama yotsekemera! Imeneyo ndidzaibwerera pa mfundo yachitatu. Zokometsera zake amazisakaniza zambirimbiri, jinja, tsabola, sinamoni ndi zina, n'kuzitcha ras el hanout, kutanthauza mutu wa sitolo, ndiye kuti zabwino koposa zimene wogulitsa ali nazo. Wogulitsa aliyense ali ndi kasakanizidwe kake, monga mmene mayi aliyense alili ndi dzanja lake pa thobwa.

Koma mphika umene unandigwira mtima sitinaudye n'komwe. Wophika uja anangotifotokozera, titamuuza kuti ndife ana a anthu a m'migodi. Anati mumzinda wa Marrakech muli mphika wina wotchedwa tanjia, wooneka ngati mtsuko wautali wa makutu awiri. Umenewo saphika amayi. Ndi mphika wa amuna, amisiri a mumsika, osula, osoka zikopa, opala matabwa. Amasonkherana ndalama, wina n'kupita ku butchala ndi mtsukowo. Amaikamo nyama, adyo, ndimu lofutsa lija, zokometsera, mafuta ndi madzi pang'ono, n'kutseka kukamwa ndi pepala, n'kumanga ndi chingwe. Ndiye poti kuntchito alibe khitchini, amaunyamula kupita nawo kwa munthu amene amasonkhezera moto wotenthetsa madzi pa nyumba yosambiramo anthu onse, imene amaitcha hammam. Munthu uja amaukwirira mtsukowo m'phulusa lotentha, n'kukhala mmenemo maola ambiri, nthawi zina usiku wonse. Lachisanu, tsiku lawo lopuma, amakautenga n'kukadyera limodzi kumunda wa mitengo.

Pamene ankafotokoza, agogo athu aja anasiya kudya. Anati, "Ameneyo akunena za ife."

Ana inu kumbuyoko, mvetserani apa, chifukwa iyi ndi mbiri yanu. Agogo a agogo anu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ena ku Chipata, ena ku Angonia. Ena anayenda wapansi kudutsa ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Ena anakwera malole a Ulere. Ena analembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Anafika ku Globe and Phoenix kuno ku Kwekwe, mgodi wa golide umene unayamba m'zaka za m'ma 1890. Anafika ku Selukwe, Shurugwi ya lero, kukakumba kromu, ku Shabani, Zvishavane ya lero, kukakumba asibesitosi, ndipo pambuyo pake ku Redcliff kukasungunula chitsulo. Ambiri anabwera okha, akazi atatsala kumudzi. M'komboni ankalandira phoso: ufa, mchere, nyemba pang'ono, nyama mwa apo ndi apo. Katswiri wa mbiri yakale Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anafotokoza mmene anthu a m'migodi ya dziko lino ankafera ndi chibayo ndi matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, matenda obwera chifukwa chosowa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Anthu ankafa ndi njala mimba ili yodzaza ndi nsima.

Nanga amene anapulumuka anapulumuka bwanji? Bambo anga ondibereka ankandiuza zimene anamva kwa bambo awo. Amuna anayi kapena asanu ochokera dera limodzi ankaphatikiza phoso lawo. Mphika umodzi, moto umodzi. Wolowa pansi m'mawa ankasiya nyemba pa makala, wotuluka shifiti ya usiku ankazisonkhezera. Wina akapeza bonongwe kapena chisoso kuseri kwa komboni, chinali cha onse. Wina akadwala osalowa mumgodi, tikiti yake osadindidwa, mbamu yake inalipobe m'mbale. Amuna amene kumudzi sakanakhudza mthiko anaphunzira kuvundula nsima, ndipo sanachite nazo manyazi. Pa moto womwewo ndi pamene panabadwira mabungwe a maliro, chifukwa amene mumadya naye simungalole kuti akaikidwe ngati galu kudziko la eni. Pa moto womwewo ankapangana za beni ndi za gule wamkulu wa Lamlungu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'komboni phoso la munthu mmodzi silinkafikitsa munthu kumapeto a mwezi.

Ndiye gulu lathu la chidyerano, ndi magulu anu nonse amene mwabwera, si zinthu zatsopano zimene taonera pa intaneti. Ndi mphika womwe uja wa m'komboni, wangosintha moto.

Mundilole ndipatuke pang'ono. Ambiri a ife Morocco tinaidziwa mu 2022, pamene timu yawo inafika mu semifainolo ya World Cup ku Qatar, timu yoyamba ya mu Africa kufika pamenepo. Tinkaiona ngati dziko lakutali, la anthu osafanana nafe. Koma nawonso ndi anthu a migodi. Ku Khouribga akhala akukumba fosifeti kuyambira 1921, mwala umene amapangira feteleza. Ndipo kum'mawa kwa dzikolo kuli tauni yotchedwa Jerada, imene inamangidwa pa mgodi wa malasha. Pofika 2001 mgodiwo unali utatsekedwa. Anthu anatsala opanda ntchito, n'kuyamba kukumba okha timaenje topapatiza kuti apeze malasha ogulitsa. Mu December 2017 anyamata awiri apachibale anafera m'dzenje lotero, ndipo tauni yonse inatuluka mumsewu. Inu a ku Torwood amene munaona ng'anjo za ZISCO zikuzima mu 2008, inu a ku Zvishavane amene munaona mgodi wa Shabanie ukufooka, inu amayi amene ana anu ndi makorokoza, okumba miyala paokha, ndipo simugona mpaka atatuluka m'dzenje, palibe chimene ndingakufotokozereni za Jerada chimene simukuchidziwa kale.

Ngakhale golide wathuyu anawafika m'makutu kalekale. Munthu wa ku Tangier dzina lake Ibn Battuta, amene anabadwa mu 1304 n'kuyenda maiko ambiri, anafika pa chilumba cha Kilwa mu 1331, ndipo analemba zimene anamva, kuti golide ankafika pa doko la Sofala kuchokera kumtunda. Kumtunda kwake ndi kuno. Globe and Phoenix inakumbidwa pamalo pamene anthu akale anali atakumbapo kale. Tinkadya chakudya cha anthu amene kholo lawo linamva mbiri ya nthaka yathu zaka pafupifupi 700 zapitazo.

Mfundo yachitatu: khalidwe la mlendo.

Iyi ndi yaifupi, koma ndiyofunika. Nyama yotsekemera ija itafika, bambo wina wa m'gulu lathu analawa n'kuika buledi pansi. Sanaikonde. Anali ndi ufulu wosaikonda. Lilime lililonse lili ndi kwawo. Chimene ndinamulemekezera n'chakuti sanakwinye nkhope, sanaseke, sananene kuti anthu awa sadziwa kuphika. Anaitana wophika n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, uchi mu nyama, cholinga chake n'chiyani?" Wophika anati imeneyo ndi ndiwo ya pa ukwati ndi pa phwando, yophikira mlendo wolemekezeka, ndipo kutsekemerako ndi njira yomuuzira mlendo kuti tsiku la kubwera kwake ndi lokoma. Bambo uja atamva anatolanso buledi wake. Anandiuza m'kombi kuti sanaikondebe kwenikweni, koma anadya chifukwa anazindikira kuti akupatsidwa ulemu.

Safunsa anadya phula. Koma pali winanso woposa safunsa: amene amanyoza asanafunse. Ife tikuudziwa ululu wake. Ndani mwa ife sanasekedwepo kusukulu chifukwa cha mbewa, kapena usipa wotumizidwa kuchokera kumudzi, kapena kondowole? Ndani sanatchedwepo Mubhurandaya, ngati kuti Blantyre ndi matenda? Munthu amene chakudya chake chinanyozedwa asakhale woyamba kunyoza cha mnzake. Ndibwereze: amene chakudya chake chinanyozedwa asakhale woyamba kunyoza cha mnzake.

Panalinso china chokoma. M'gulu lathu muli abale athu achiyao atatu, Asilamu. Nthawi zambiri tikapita kokadya iwo ndi amene amavutika, kufunsa kuti nyamayi anazinga ndani, mafutawa ndi a chiyani, mapeto ake n'kudya tchipisi chokha. Tsiku limenelo iwo ndi amene anali kwawo. Supu imene inabwera poyamba, harira, ya tomato, tchana ndi nyemba zing'onozing'ono, anatiuza okha wophika asanatsegule pakamwa kuti imeneyi ndi yomasulira swaumu m'mwezi wa Ramadan, pamodzi ndi zipatso za kanjedza. Ife a mu Kwekwe timadutsa tsiku lililonse pa mzikiti waukulu uja wa m'tauni, koma angati mwa ife Akhristu tinafunsapo mnansi wathu kuti amadya chiyani dzuwa likalowa m'mwezi wosala? Ndinachita kukaphunzira ku Harare za munthu amene ndimakhala naye mzere umodzi wa nyumba.

Pomaliza anabweretsa tiyi wobiriwira wa timbewu tonunkhira ta minti, wa shuga wambiri, m'timatambula tating'ono. Amathira ketulo ili m'mwamba kuti tiyi achite thovu. Satsanulira mwachangu, ndipo sumwa uli chiimire. Mlendo ndi mame, amakamuka msanga, ndiye eni nyumba amamuchedwetsa ndi tiyi.

Mfundo yachinayi: ndalama ndi manyazi.

Sindibisa, chakudya chija chinali chodula. Ndalama imene tinalipira munthu mmodzi ikanagula thumba la ufa. Mmodzi wa ife, bambo amene akudikirabe ndalama zake za penshoni, anakana kupita, ndipo anatiuza mosapsatira kuti n'kulakwa kukadya zapamwamba m'tauni pamene mzere wathu womwewu muli amasiye ogona ndi njala. Mawu amenewo sindikuwataya. Ndi oona, ndipo gulu lililonse limene lili muno liwasunge. Chidyerano chikasanduka mpikisano wa zovala ndi zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook, chikayamba kutsekera kunja amene alibe madola 5, chafa, ngakhale miphika ikhale yodzaza. Agogo athu m'komboni sankachotsa mbamu ya wodwala.

Pa ichinso a ku Morocco anatikumbutsa kanthu. Chakudya chawo chachikulu ndi couscous, timibulu ting'onoting'ono ta ufa wa tirigu. Amayi amawaza madzi pa ufa n'kumapukusa ndi zikhatho mpaka ugwirane timibulu ngati mapira, kenako amatiphika ndi nthunzi mumphika wobowokabowoka umene amausanjika pamwamba pa mphika wa ndiwo, kawiri kapena katatu, akumatimasula ndi manja pakati pake. Pamwamba amayalapo maungu, kabichi, karoti, anyezi, tchana ndi nyama. Amadya Lachisanu akachoka ku mapemphero. Ndipo mabanja ambiri amapatula mbale ina n'kuitumiza ku mzikiti kapena kwa anansi, kuti wosauka ndi wapaulendo adyeko. Abale athu achiyao mawu ake akuwadziwa: sadaka. Ife timati kupatsa n'kuika. Choncho titabwerako tinagwirizana lamulo latsopano, ndipo amene analipereka ndi bambo yemwe uja anakana kupita: pa chidyerano chilichonse, mwini nyumba aziitana anthu awiri amene sangathe kusonkha, ndipo oitanidwawo azisamba m'manja poyamba.

Tsopano za manyazi. Pakhoma la malo odyera aja panali chikalata m'galasi, chonena kuti mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba couscous m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, atapempha pamodzi maiko anayi: Morocco, Algeria, Tunisia ndi Mauritania. Wophika anatilozera chikalatacho monyadira, ndipo anayenera kunyadira. Koma kodi mukudziwa, ana inu, kuti m'kaundula yemweyo nsima ya ku Malawi inalembedwa mu 2017, zaka zitatu couscous isanalowe? Kodi mukudziwa kuti gule wamkulu, amene anzanu kusukulu amamutcha zvigure n'kumakusekani naye, UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia? Ndinamuuza wophika uja za nsima. Anadabwa, n'kufunsa kuti, "Nanga malo anu odyera ali kuti, ndidzalaweko?" Tonse 13 tinakhala chete.

Funso limenelo landisowetsa tulo. Wophika uja ali kutali ndi kwawo kuposa mmene ife tatalikirana ndi Lilongwe. Koma anabwera ndi mphika wake, n'kuuika patebulo poyera, n'kutchula chakudya chilichonse ndi dzina la kwawo, osalitembenuza, osapepesa. Ife takhala m'dziko lino mibadwo itatu, ena inayi. Tinakumba golide wake, tinasungunula chitsulo chake. Lamulo la unzika la mu 2001 linatisandutsa ambiri a ife alendo m'dziko limene tinabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegulanso khomo kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. M'zaka zimenezo tinaphunzira kubisala. Ena anasintha maina. Ena analetsa ana kulankhula Chichewa pabwalo. Ndipo miphika nayonso inabisala. Nkhwani wotendera timaphika tikakhala tokha. Mlendo akabwera timathamangira mpunga ndi nkhuku ya m'firiji. Futali, chigumu, thobwa, mkate wa nthochi, nyemba zofutsa, therere la chidulo, zilipo zingati zimene mwana wa zaka 15 wa ku Mbizo angaziphike popanda kufunsa?

Sindikuimba mlandu amene anabisala. Anali ndi zifukwa, ndipo ena mwa iwo akhala kutsogolo kuno. Koma nthawi ya kubisala ikapitirira, mwana amayamba kukhulupirira kuti chobisidwacho n'chonyansa. Tinayenda makilomita 200 kukapeza mbale imodzi imene tinaisiya kunyumba, ndipo tinalipira ndalama zambiri kuti mlendo atithire madzi m'manja monga mmene amayi athu ankatithirira ulere. Ulendowo sindikudandaula nawo. Pitani nanunso, mukapeza mpata, kalaweni za Amwenye, za Aitiyopiya, za Achipwitikizi, za Atchaina amene adzaza m'migodi yathu ya kromu masiku ano. Kalaweni mwaulemu, funsani mafunso. Koma mukabwerako, vundukulani mphika wa agogo anu, muufunse mafunso omwewo amene munafunsa mlendo: ichi n'chiyani, chimaphikidwa bwanji, chimadyedwa liti, chifukwa chiyani. Agogowa alipo lero. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma.

Wapampando, ndisanakhale pansi, mundilole ndilengeze zimene magulu athu agwirizana. Chidyerano cha mwezi wamawa chidzakhala ku Torwood, Loweruka loyamba. Amayi a ku Amaveni adzabwera ndi nkhwani wotendera ndi therere. A ku Mandava alonjeza thobwa, ndipo aliyambe Lachitatu kuti lidzakhale litagona bwino. Agogo athu aakazi a ku Nkhata Bay avomera kuphika kondowole, koma apempha atsikana awiri oti adzaime pambali pawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Abale athu achiyao ndiwo adzazinge mbuzi, kuti tonse tidzadye mbale imodzi popanda wofunsa. Nyamayo tidzaphika ndife amuna, mumphika wadothi wokwirira m'phulusa kuyambira Lachisanu usiku, ndipo mandimu ake ali kale mumchere kunyumba kwanga. Wophika wa ku Morocco uja tamutumizira uthenga kudzera mwa mwana wathu wa ku Harare, ndipo wayankha kuti akapeza womusiyira khitchini adzabwera.

Ndaona amayi kukhomoko akundikodola kuti nsima yapsa. Anyamata ndi atsikana a kumbuyoko, dzukani, mabeseni ndi majagi ali pakhonde. Yambirani kuno kutsogolo, kwa agogo, ndipo muwerame pothira madzi.